Mphatso ya pa Ukwati wa Tapiwa

Tsiku limenelo Ennie anali atalongedza kale zipeso zake. Magetsi anali atazima chim'mawa, makasitomala sanabwere, ndipo kumwamba cha ku Norton kunali kutada bii. Saluni yake sinali saluni yeniyeni. Unali mpando umodzi ndi galasi long'aluka pakona, pakhonde la sitolo yogulitsa zitsulo ku Kuwadzana, pamene amayi atatu oluka tsitsi ankagawana malo. Anzake awiriwo anali atapita kumaliro. Iye ankafuna kukakwera kombi ya ku Dzivarasekwa mvula isanayambe, koma atapisa m'chikwama anapeza kuti ambulera anaisiya kunyumba. Madontho oyamba atayamba kugogoda malata, anakhalanso pansi kuti idutse kaye.

Ali chikhalire choncho, mtsikana wina anathamangira pakhondepo atadziphimba kumutu ndi pepala la pulasitiki. Anafunsa m'Chishona za mmodzi wa anzake a Ennie aja, amene wina anamuuza kuti amaluka bwino.

"Ali kumaliro, mubwere mawa," Ennie anayankha.

"Mawa ndili kuntchito. Nanga inuyo simuluka?"

Ennie anali atatopa, msana ukumuwawa. Anayang'ana mvula, anaona kuti siikata msanga, ndipo anatulutsanso zipeso zija.

Mtsikanayo dzina lake anali Rudo. Ankagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala m'tauni, ndipo bambo ake anali ndi malole onyamula mchenga ndi njerwa. Anali woseka msanga, mmodzi wa anthu aja amene amakuuza za moyo wawo wonse usanamalize n'kuwapesa komwe. Ukwati wake unali utatsala miyezi iwiri, roora, malowolo a Chishona, inali itaperekedwa kale, ndipo ankafuna kuyesa malukidwe angapo kuti asankhepo omukhala.

"Mwamuna wanga wakhala ku Joni zaka zambiri, wabwerako chaka chatha," anatero. "Pano bambo amupatsa kuti aziyang'anira malole. Taonani, si uyu."

Anakweza foni pamwamba pa phewa. Munthu wa pachithunzipo anali atanenepa, atasunga ndevu, kumutu atameta mpala. Koma mpata wa m'mano unali womwewo, ndi kapendeketsedwe ka mutu komwe, ngati munthu amene akumvetsera nthabwala imene iwe sukuidziwa. Zala za Ennie zinauma m'tsitsi.

"Mukundikoka, sisi."

"Pepani. Dzina lawo ndani?"

"Tapiwa."

Ennie anapitiriza kuluka, ndipo sanakhotetse mzere ngakhale umodzi.

Ennie anali ndi mng'ono wake mmodzi yekha, Paulina. Onse anabadwira pa famu ya fodya kufupi ndi Chegutu, kumene bambo awo, a Yosiya, ankasonkhezera moto m'mabalani oumitsira fodya. Agogo awo ndi amene anachokera ku Dedza kalekale kudzafuna ntchito. Famuyo itasintha eni, banjalo linasamukira ku Dzivarasekwa, m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya munthu. Amayi awo sanakhalitse, anamwalira. A Yosiya anayamba kusoka nsapato pageti, ndipo Ennie anasiya sukulu n'kuphunzira kuluka kuti Paulina, yemwe anali ndi mutu wa masamu, apitirize.

Paulina ali Fomu 4, m'mawa wina lamba wa nsapato yake anaduka ali pakhomo. Bambo ake anati adikire amusokere. Ali kudikira choncho, kombi imene ankakwera masiku onse ndi anzake inanyamuka, ndipo iye anakwera yotsatira. Woyendetsa wake anali Tapiwa, ndipo anamukhazika kutsogolo.

Chaka chisanathe Paulina anali ndi pakati, sukulu atasiya, akukhala ndi Tapiwa m'chipinda cha lendi ku Mbare. Mimba itakula Tapiwa anasintha. Anayamba kunena kuti mwanayo si wake, ndiponso kuti amayi ake amuuza kuti m'nyumba mwawo simulowa mwana wa mabhurandaya, dzina lonyozera anthu obwera ngati a kwa Paulina, amene amati alibe mutupo, ndiye kuti mfunda. Tsiku lina anam'menya, n'kutaya zovala zake panja, n'kukiya chitseko. Paulina anayenda wapansi mbali yaikulu ya njira mpaka ku Dzivarasekwa, mlomo utatupa, atagwira m'munsi mwa mimba. Anachira miyezi isanakwane. Mwana anakhala moyo, koma mayi magazi sanaleke, ndipo patapita masiku ochepa anamuika m'manda. Kumaliro sikunabwere munthu aliyense wa kwa Tapiwa. Ennie atapita ku Mbare kukamufuna anapeza m'chipindamo mwalowa anthu ena, ndipo anamva kuti mwini wake wawoloka kupita ku Joni.

Mwanayo anamutcha Lidia, ndipo Ennie ndiye anamulera. Mnyamata amene ankafuna kukwatira Ennie anadikira chaka, kenako anakwatira wina. Lidia ankaitana Ennie kuti amayi. Ankadziwa kuti amayi ake omubereka anamwalira, ndipo za bambo ake anauzidwa zomwezo. Anabadwa ndi chigamba cha tsitsi loyera pamwamba pa chipumi, chachikulu ngati dzira la nkhuku. Paulina ananenapo kuti Tapiwa ali nacho, n'chifukwa chake amameta mpala, ndiponso kuti amayi ake ali nacho pansi pa duku. Lidia atayamba sukulu anzake ankamuseka kuti ndi gogo, choncho mwezi uliwonse Ennie ankachidetsa ndi dayi.

Madzulo a tsiku la mvulalo Ennie anapeza bambo ake akulongedza nsapato za anthu m'thumba. Anadikira kuti Lidia apite kumjigo kukatunga madzi, ndipo anawauza zimene anaona. A Yosiya anakulunga ulusi pachala.

"Wamuona ndi maso ako?"

"Pachithunzi. Ndi iyeyo, bambo. Wamanga nyumba ku Kuwadzana Extension, waikamo amayi ake. Akukwatira mwana wa munthu wa malole."

"Msiye akwatire."

"Mukuti chiyani?"

"Ndati msiye. Ukamugwetsa, Paulina adzuka?"

"Sadzuka. Koma iyenso asamagone tulo."

"Ennie, ife kuno ndife alendo ngakhale unabadwira kuno. Anthu amenewo ali ndi abale, ali ndi mawu. Ndiponso mwala woponya pamsika sudziwa amene ukamugende."

"Inu munasoka nsapato n'kukhala pansi," Ennie anatero. "Ine sindikhala pansi."

Anadziwa mawuwo asanathe kutuluka kuti wabaya pamalo pamene bambo ake ankabisa. A Yosiya anamanga thumba lawo n'kulowa m'nyumba, ndipo za nkhaniyo sanayankhulenso.

Kuyambira mwezi umenewo Ennie analeka kudetsa tsitsi la Lidia. Rudo anakonda malukidwe aja ndipo ankabwera sabata iliyonse, nthawi zina ndi anzake. Ennie anadziwa zonse: holo imene abwereka, mtundu wa madiresi a operekeza, nthawi imene alendo adzayambe kupereka mphatso. Anadziwanso kuti Tapiwa anauza Rudo kuti sanakhalepo ndi mkazi kapena mwana. Anaphunzira kuseka nthabwala za mtsikanayo. Nthawi zina chisoni chinkamugwira ngati njala, koma akakumbukira mlomo wa Paulina chinkatha.

Tsiku lina Tapiwa anabwera kudzatenga Rudo pa galimoto yoyera. Ennie anawerama ngati akutola tsitsi lakugwa, koma panalibe chifukwa. Munthuyo sanatsike, anangoimba hutala, mkono utatuluka pazenera, wotchi ikunyezimira. Tsiku limenelo Ennie sanadye. Ali m'kombi ankangoyeserera mumtima mawu amene adzanene, kuchotsa ena, kunola ena, mpaka anapitirira potsikira pake.

Kutatsala sabata kuti ukwati uchitike, anakhazika Lidia pampando n'kumumeta tsitsi lonse lodetsedwa lija. Linatsala lalifupi, lakuda, ndi chigamba chija chitayera mbee ngati wina wamupaka choko. Lidia, yemwe tsopano anali ndi zaka khumi, anadziyang'ana pagalasi n'kuyamba kulira.

"Amayi, anzanga akandiseka."

"Uvala chipewa. Tsitsi likufuna kupuma."

"Aphunzitsi salola chipewa m'kalasi."

"Ndiye sabata ino ukhala pakhomo. Loweruka tikupita ku ukwati. Ndakugulira diresi."

Lidia anapukuta misozi. Chibadwire anali asanapiteko ku ukwati wa m'holo, ndipo diresi yatsopano yosavalidwapo ndi wina anali asanakhalepo nayo. Sabata yonseyo ankaitulutsa m'pepala, kuiyang'ana, n'kuibwezera.

M'mawa wa ukwati Ennie anapita kwa makolo a Rudo kukakonza mkwatibwi. Operekeza atatuluka kukavala, m'chipindamo munatsala awiri okha. Rudo anayang'ana Ennie kudzera pagalasi.

"Sisi Ennie, ndikuchita mantha. Kodi munthu umadziwa bwanji kuti wasankha bwino?"

Ennie anali ataluma phini wa tsitsi. Chitseko chinali chotseka, ndipo kutchalitchi kunali kusanapite munthu. Akanangochotsa phiniyo pakamwa n'kuyankhula, zonse zikanathera m'chipinda momwemo, pakati pa akazi awiri. Anachotsa phiniyo n'kumubaya m'tsitsi la mkwatibwi.

"Musagwedeze mutu," anatero.

Kutchalitchi Ennie sanapiteko. Anabwerera ku Dzivarasekwa kukatenga Lidia, anamuveka diresi ija ndi chipewa choyera, ndipo anakafika kuholo anthu atayamba kudya. Anakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo. Lidia anadya mpunga ndi nkhuku, akugwedeza miyendo potsatira nyimbo, akufunsa ngati keke ija agawira aliyense. Kutsogolo Tapiwa anali mu suti yotuwa, akunong'oneza mkazi wake zinthu zomuseketsa. Amayi ake a Tapiwa anakhala pa tebulo loyandikira, mayi wamtali wowonda, atamanga duku yofiira.

Nthawi ya mphatso itakwana, woyendetsa mwambo anayamba kuitana anthu. Abale a mkazi anapereka firiji, a kutchalitchi anapereka mapoto, anthu akuwomba m'manja. Atafunsa ngati pali mnzake wina wa mkwatibwi, Ennie anaimirira atagwira Lidia padzanja. Rudo anamuona akubwera n'kumwetulira, ndipo anauza woyendetsa mwambo kuti ameneyo ndi amene wamuluka, amupatse maikolofoni.

Ennie anayamba ndi Chichewa, akuyang'ana mkwati.

"Alamu, mwaswera bwanji?"

Tapiwa anali ataphunzira mawu ochepa kwa Paulina, ndipo amenewa anawamva. Kumwetulira kunatsala pankhope pake kanthawi, ngati chovala choiwalika pachingwe. Kenako Ennie anatembenukira kwa anthu n'kuyankhula m'Chishona, mosathamanga, kuti wina asadzati sanamve.

"Dzina langa ndine Ennie. Ndinali ndi mng'ono wanga, Paulina. Bambo ali apawa anamuchotsa pasukulu, anamupatsa mimba, anam'menya ali wotopa, n'kumutsekera panja ku Mbare. Anamwalira atangobereka. Kumaliro sanabwere. Anati mwana si wawo, ndipo amayi awo anati mwana wa mabhurandaya salowa m'nyumba mwawo. Ine firiji ndilibe. Mphatso yanga kwa akwati ndi iyi."

Anavula chipewa cha Lidia.

Kumbali ya abale a Tapiwa mayi wina anagwira pakamwa, chifukwa m'banja limenelo chigamba chimenecho aliyense ankachidziwa. Tapiwa anaimirira n'kuyamba kunena kuti mkaziyu ndi wamisala, amutulutse, koma mawu ake ankatuluka opyapyala. Pamenepo amayi ake anadzuka. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamene panali Lidia, anamuyang'ana pachipumi, ndipo anakweza manja n'kumasula duku yawo pamaso pa anthu onse. Tsitsi lawo linali ndi imvi za ukalamba apa ndi apo, koma pamwamba pa chipumi panali chigamba choyera chofanana ndendende. Anagwada pansi n'kugwira mapazi a mwanayo, akulira.

Zotsatira zinachitika mofulumira. Rudo anafunsa mwamuna wake funso limodzi, ndipo iye atayamba ndi mawu akuti zinali zakale, mkwatibwiyo anavula nsalu ya kumutu n'kutuluka, amayi ake akumuthamangira. Alongo ake a Rudo anazungulira tebulo. Bambo ake a Rudo anatambasula dzanja, ndipo Tapiwa anaikamo makiyi a galimoto yoyera ija. Achinyamata anali atakweza mafoni, akujambula. Ennie anaima pakati pa zonsezi mtima uli myaa, kwa nthawi yoyamba chimwalirire Paulina. Anamva kukoma kwenikweni, ndipo sanachite nako manyazi. Sanazindikire msanga kuti dzanja la Lidia silinalinso m'dzanja lake. Mwanayo anali atabisala kuseri kwa mpando, ataphimba chipumi ndi manja onse awiri.

Atafika pakhomo Lidia anavula diresi ija n'kuikankhira pansi pa bedi.

"Munati bambo anga anafa."

"Kwa ine anafa."

"Diresi ija munandigulira chifukwa cha zimene zija?"

Ennie anati mwanayo adzamvetsa akadzakula. Lidia anatembenukira kukhoma.

Lolemba lisanafike, kanema wa ukwatiwo anali m'foni iliyonse ku Dzivarasekwa ndi ku Kuwadzana. Pakhonde la saluni makasitomala anachuluka, ena akungofuna kuona mkazi amene anagwetsa ukwati. Ena ankamugwira dzanja kuti wachita chamuna, ena ankati walakwira mtsikana wosachimwa. Anamva kuti Rudo wabwerera kwa makolo ake, kuti Tapiwa amuchotsa pa malole, ndiponso kuti sakutuluka m'nyumba chifukwa ma hwindi, anyamata oitanira makombi pa renki, amamuimbira nyimbo akamuona. Mwezi usanathe anathawiranso ku Joni. Nkhani iliyonse yotere Ennie ankaifunsa kawiri kuti aimve bwino.

Kusukulu ana analeka kumutcha Lidia gogo. Anayamba kumutcha Chipo, kutanthauza mphatso, ndipo ena ankamuvula chipewa n'kugwada pamapazi pake akulira monamizira. Ennie anafuna kudetsanso tsitsi lija, koma Lidia anakana kuti amugwire m'mutu.

Lamlungu lina masana, amayi ake a Tapiwa anafika ku Dzivarasekwa ndi mlongo wawo. Anakana mipando, anakhala pansi pakhomo n'kuwomba m'manja monga mwa mwambo wawo. A Yosiya anawalandira. Ennie anaima pachitseko atapinda manja.

"Ndinalakwa," mayiwo anatero. "Mwana wanga anandinamiza, koma nanenso ndinafuna kunamizidwa. Mawu aja ndinanenadi. Sindikupempha kuti mundikhululukire lero."

Mlongo wawo anafotokoza kuti banja lakhala pansi, ndipo lapangana zodzapepesa imfa ya Paulina mokwanira, mmene a Yosiya anganenere. Kenako anafika pa chimene anadzera. Magazi awo, anatero, sangakulire kunja iwo akuona. Ankapempha mwanayo.

"Kwathu mwana ndi wa kuchikazi," Ennie anatero. "Zaka khumi munali kuti?"

"Tinali m'kusadziwa, mwanangu. Amene mwatidziwitsa ndinu," mayiwo anayankha.

Alendowo atapita, Ennie anauza bambo ake kuti akadzabweranso adzawathira madzi otentha. A Yosiya anamuyang'ana ndi maso otopa.

"Kwathu kwake kuti, Ennie? Ku Dedza unafikako? Mwini mbumba ndi malume, nanga malume a mwanayu ali kuti? Ine ndakalamba, maso akutha, singano sindikuionanso bwino. Mwanayu alibe chikalata cha kubadwa chifukwa amayi ake anafa opanda chitupa. Mayeso a Giredi 7 akubwera. Wayenda maofesi angati osaphula kanthu? Anthu awa akangopita ndi dzina lawo, chituluka."

"Ndiye timugulitse ndi pepala?"

"Sitikumugulitsa. Unakamuonetsa wekha, pamaso pa anthu, n'kunena kuti ndi mphatso yawo. Lero ukana bwanji kuti si wawo?"

Ennie sanagonje. Anati afunse mwini wake, akudziwa kuti mwana amene anamulera kuyambira ali wofiira sangasankhe anthu achilendo. Anamuitana Lidia kuchokera kuseri kumene ankatsuka mbale. Mwanayo anamvetsera, akuyang'ana pansi.

"Kumeneko kuli sukulu ina?" anafunsa.

"Iliko," a Yosiya anayankha.

"Kumene sakundidziwa?"

"Mwina ena akudziwa. Koma kuli abale ako a msinkhu wako, muzikayenda limodzi."

"Ndipita," Lidia anatero, n'kubwerera ku mbale zake.

Anagwirizana kuti apite pa tchuthi chokha. Tchuthi chitatha, gogo wake anali atamupezera malo pasukulu ya ku Extension, yunifolomu itagulidwa, chikalata chili m'njira. Ennie anaganiza zopita kukhoti. Mayi wina wodziwa malamulo amene ankalukitsa kwa iye anamuuza kuti akhoza kuyesa, koma mwana wa msinkhu umenewo amamufunsa kumene akufuna kukhala. Ennie sanafune kumva yankho lija kachiwiri pamaso pa anthu.

Nyengo yozizira itayamba, tsiku lina ali pakati poluka kasitomala, anaona munthu ataima pamphepete pa khonde. Anali Rudo, tsitsi atameta lalifupi, atavala juzi lalikulu limene silinathe kubisa mimba. Ennie anamulozera mpando wa mnzake umene unali wopanda munthu, koma iye anakana.

"Sindikhalitsa. Ndabwera ndi funso limodzi. M'mawa uja tinali awiri m'chipinda, ndinakufunsani ngati mkulu wanga. Bwanji simunandiuze?"

Kasitomala uja anaweramitsa mutu ngati sakumva. Ennie anaganiza zonama, koma anaona kuti mtsikanayu wanamizidwa mokwanira.

"Mukanamukhululukira," anatero. "Akanalira, akanagwada, mukanapita kutchalitchi. Zikanathera m'chipinda ngati mmene za Paulina zinathera."

"Mwina. Koma kusankha kukanakhala kwanga." Rudo anagwira pamimba. "Tsiku lija ndinali ndikudziwa kale za uyu. Ndinkafuna kumuuza madzulo ake. Zimene anachita kwa mng'ono wanu n'zoipa, ndipo sindimufunanso. Koma miyezi iwiri manja anu anali m'mutu mwanga, mukuseka nane. Inu ndi iye simusiyana kwambiri. Nonse mumayang'ana munthu n'kuona chogwiritsa ntchito."

"Sindinafune kupweteka inu."

"Ndikudziwa. Simunandiganizire n'komwe."

Anatembenuka n'kupita chakumakombi. Ennie anamuyang'ana mpaka anasowa m'gulu la anthu, kenako anafunsa kasitomala wake ngati mizere ya kumbuyo ikhale yopingasa kapena yowongoka.

Loweruka lotsatira anatseka msanga, anagula nthochi ndi mabanzi, n'kupita ku Extension. Nyumbayo inali ya njerwa zosapaka pulasitala, ndi thanki ya madzi pamwamba pa zitsulo. Gogo uja anamulandira bwino, monga ankachitira nthawi zonse, n'kumukhazika pa sofa. Lidia anabwera kuchokera panja kumene ankasewera ndi asuweni ake. Anali atatalika, masaya atadzaza. Anagwada patali pang'ono n'kuwomba m'manja, n'kupereka moni m'Chishona, mwaulemu wonse umene mwana amapereka kwa mlendo.

Ennie anamuyankha m'Chichewa, n'kumufunsa za sukulu. Lidia anati masamu akumuyendera, aphunzitsi amuika kutsogolo. Anafunsa za maso a agogo ake a ku Dzivarasekwa, ndipo anati adzabwera kudzawaona mayeso akatha. Kenako anapempha kuti abwerere kunja, anzake akumudikira. Anatenga nthochi ziwiri, imodzi ya msuweni wake.

Ennie anamwa tiyi amene anamupatsa, anacheza ndi gogoyo za kuzizira ndi za magetsi, ndipo ananyamuka dzuwa lisanalowe. Ali pamsewu kudikira kombi, foni yake inalira. Anali mnzake wina wa ku Dzivarasekwa amene amakaoda katundu kumalire. Anati wamuona Tapiwa ku Musina akunyamula zikwama za anthu pa renki, atawonda, nsapato zitang'ambika, ndipo atamuitana ndi dzina anathawa.

"Wawonda kwambiri?" Ennie anafunsa.

"Sungamudziwe."

"Tandiuzanso bwinobwino. Unamuona pati?"

Mnzakeyo anayambiranso nkhaniyo, ndipo Ennie anamvetsera mpaka kumapeto. Kukoma kuja kunalipobe, ngakhale kunali kochepa kusiyana ndi kale, ndipo sikunakhalitse. Kombi inafika itadzaza, hwindi anamupanikiza pampando wakumbuyo pakati pa mayi wa dengu la tomato ndi bambo wina woledzera, ndipo anapita kwawo kukaphikira bambo ake.